Mphunzitsi wa Cinyanja Awerenge Ciyani?

Ambiri a ife amene tikuphunzitsa ana m'Cinyanja lero tinaphunzira kuwerenga m'Cipwitikizi. Cinyanja tinaciyamwa kwa amayi athu ndipo timacilankhula mosapunthwa, koma tikagwira coko kuti tilembe ndime imodzi pa bolodi, dzanja limazengereza. Timakayika pamene liwu lathera ndi pamene lina layambira. Timayamba taganiza m'Cipwitikizi kenaka n'kumasulira, ndipo ciganizo cimatuluka copindika. Vuto limeneli silitha ndi kuloweza malamulo a kalembedwe okha. Limatha pamene munthu azolowera kuwerenga zolembedwa ndi anthu odziwa bwino cinenero cawo. M'gawo lino tikuchula mabuku a mitundu yosiyanasiyana amene ife tawakonda, ndi kufotokoza cimene lililonse lingapatse mphunzitsi.

Cifukwa cake nkhaniyi ili yofunika

Cinyanja cinalowa m'sukulu za boma kuno kwathu pa nchito yoyesera ya PEBIMO, m'cigawo ca Tete, kuyambira 1993 mpaka 1997, pamene Xichangana cinali kuyesedwa ku Gaza. Kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba kufalikira m'sukulu zina, ndipo ndime 9 ya malamulo aakulu a dziko a 2004 imavomereza zinenero zathu kuti ndi cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro. Koma mwana akadziwa kuwerenga amafuna cowerenga. Buku la m'kalasi amalitsiriza msanga, mwinanso kuliloweza lonse. Ngati mphunzitsi wake sadziwa buku lina lililonse, mwanayo amakula ndi maganizo akuti Cinyanja cimathera pa cikuto ca buku la sukulu, ndi kuti mabuku enieni ali m'Cipwitikizi mokha. Maganizo amenewa akamera mwa mwana, nchito yonse ya makalasi oyamba imapita padera.

Mabuku a Cinyanja alipo, ngakhale kuti ambiri anasindikizidwa ku Malawi ndi ku Zambia. Kumeneko mishoni ndi mabungwe osindikiza mabuku ankalimbikitsa anthu kulemba m'cinenero cawo, pamene kuno boma la atsamunda linkaumiriza Cipwitikizi m'sukulu. Malire sanagawe cinenero. Wa ku Angónia ndi wa ku Dedza amamvana pa msika popanda womasulira, monganso wa ku Metangula ndi wa ku Likoma. Conco mabuku amenewa ndi athunso.

Nkhani zazitali

Woyamba kumene timamuuza kuti ayambe ndi *Nthondo*, buku la Samuel Josia Ntara, amene anali mphunzitsi ku mishoni ya Nkhoma. Linatuluka mu 1933, linapata mphotho pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Cingelezi pa mutu wakuti *Man of Africa*. Limalondola moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira: ubwana wake wa makhalidwe oipa, ulendo wake wokafuna nchito kutali, kutembenuka kwake mtima ndi ufumu wake m'mudzi. Mphunzitsi amaonamo mmene nkhani yaitali imayendera m'Cinyanja, ndiponso mmene anthu a misinkhu yosiyana amalankhulirana mwaulemu.

Wofuna cinenero ca masiku oyandikira athu awerenge *Njala Bwana* ndi *Madzi Akatayika* a Willie Zingani, kapena *Ikakuona Litsiro Sikata* la Jolly Max Ntaba. Mabuku otere amatisonyeza kuti Cinyanja cimatha kufotokoza moyo wa lero monga momwe cimafotokozera wa makolo. Nkhani zina za m'menemo ndi za akuluakulu, kotero mphunzitsi awerenge yekha poyamba asanasankhe ndime yopita nayo kwa ana.

Nthano

Buku limene ana amalimvetsera cete ndi *Sikusinja ndi Gwenembe* la John Gwengwe. Ndi nthano ya abale awiri, ya nsanje imene inafika pa kukhetsa mwazi, ndi ya mbalame imene inaulula cinsinsi mwa kuimba. Ana ambiri anamvapo nthano yofanana nayo kwa agogo awo, ndipo amadabwa kuipeza papepala. Kudabwa kumeneko n'kothandiza kwambiri, pakuti pamenepo mwana amazindikira kuti zimene amamva kunyumba madzulo zikhoza kulembedwa, ndi kuti iyenso angathe kuzilemba.

Ku Zambia kunali Julius Chongo, amene ankasimba nkhani pa wailesi m'pologalamu ya *Poceza M'madzulo* m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Zina mwa nkhani zake Ernst Wendland anazisonkhanitsa m'buku la dzina lomwelo. Chongo anali katswiri wa mvekero, mawu aja amene amacititsa womvera kuona cinthu cikugwa, cikuthyoka kapena cikuyenda. Mphunzitsi amene amawerengera ana ndi liwu limodzi losakwera ndi losatsika aphunzira zambiri akamawerenga nkhanizi mokweza ali yekha.

Ndakatulo

Apa timachula E. J. Chadza, makamaka ndakatulo yake ya *Likongolerenji Bokosi*, yonena za bokosi la maliro, ndi Benedicto Wokomaatani Malunga, mlembi wa *Kuimba kwa Mlakatuli* ndi *Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti*. Buku la *Akoma Akagonera*, limene Enoch Mvula anasonkhanitsa, lili ndi alakatuli ambiri pamodzi, kotero limathandiza woyamba kumene kupeza womukomera. Ndakatulo ndi yaifupi. Imakwana pa bolodi, ana amaikopera m'makope awo ndi kuinena pamtima, motero sukulu imene ili ndi buku limodzi lokha ikhoza kufikitsa ndakatulo kwa mwana aliyense.

Mbiri ndi miyambo

Ntara yemweyo analemba *Mbiri ya Achewa*, ndipo William Chafulumira analemba *Mbiri ya Amang'anja*. Mbiri ya Amaravi imakhudza maiko atatu onse, ndipo mafumu onga Undi analamulira madera amene lero ali m'cigawo ca Tete. Mabukuwa amatipatsa mawu ofotokozera mafuko, maufumu ndi kusamuka kwa anthu popanda kubwereka ku Cipwitikizi. Pa za makhalidwe pali *Kukula ndi Mwambo* la Gwengwe, lofotokoza kaleredwe ka mwana pakati pa Acewa. Mabuku amenewa analembedwa kale, ndipo aliyense analemba monga anamvera kwa akuluakulu a dera lake. Tiwawerenge moyerekeza ndi zimene akuluakulu a kwathu amanena. Pamene zasiyana, mphunzitsi wapeza funso labwino lotuma ana kukafunsa kunyumba.

Miyambi ndi mabuku otanthauzira mawu

*Nzeru za Kale* la Stevenson Kumakanga ndi buku la miyambi lodziwika kuyambira kale. J. C. Chakanza anasonkhanitsanso miyambi 2000 m'buku la *Wisdom of the People*, mmene mwambi uli m'Cinyanja ndipo tanthauzo lili m'Cingelezi. Pa matanthauzo a mawu pali *Mtanthauziramawu wa Chinyanja*, lokonzedwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba, limene limafotokoza liwu la Cinyanja m'Cinyanja momwemo. Kuno kwathu ansembe a Cijezuiti, a gulu lija linagwira nchito ku Lifidzi ndi ku Fonte Boa, anakonza mabuku awiri otanthauzira mawu pakati pa Cinyanja ndi Cipwitikizi, osindikizidwa ku Lisboa mu 1963 ndi 1964. Ngakhale ndi akale, ndiwo amalumikiza zinenero ziwiri zimene timagwiritsa nchito m'kalasi.

Zomasuliridwa

Mphunzitsi wa zinenero ziwiri amamasulira tsiku ndi tsiku, conco ayenera kuona mmene ena anamasulira. Malunga anamasulira *Things Fall Apart* la Chinua Achebe nalipatsa mutu wakuti *Chipasupasu*. Buku lopezeka kwambiri m'midzi ndi Baibulo: *Buku Lopatulika* linatha kumasuliridwa mu 1922, ndipo *Buku Loyera* linatuluka mu 1998. Kuika ndime imodzi ya mabuku awiriwa pafupi kumasonyeza mmene cinenero cinasinthira m'zaka zoposa 70. Tikulichula pano cifukwa ca cinenero cake. M'kalasi muli ana a zipembedzo zosiyana, ndipo mphunzitsi ayenera kukumbukira zimenezo posankha cowerenga.

Za m'Cipwitikizi

Kukonda Cinyanja sikutanthauza kutaya Cipwitikizi, pakuti ana athu afunika zonse ziwiri. Timauzana kuwerenga *Nós Matámos o Cão-Tinhoso* la Luís Bernardo Honwana, la mu 1964, limene nkhani zake zambiri zimaonedwa ndi maso a mwana. *Terra Sonâmbula* la Mia Couto, la mu 1992. *Niketche* la Paulina Chiziane, amene analandira mphotho ya Camões mu 2021. Ndi ndakatulo za José Craveirinha. Alembi amenewa analowetsa mawu ndi kaganizidwe ka zinenero za kuno m'Cipwitikizi cawo. Yesani kumasulira ndime imodzi ya Honwana m'Cinyanja, muone pamene cinenero cathu cikufupikitsa ndi pamene cikutalikitsa.

Cenjezo pa kalembedwe

Mabuku a ku Malawi a masiku ano amalemba *ch* pamene ife timalemba *c*, ndi *tch* pamene ife timalemba *ch*: iwo *chimanga* ndi *ntchito*, ife *cimanga* ndi *nchito*. Mabuku akale a kumeneko ndi ambiri a ku Zambia amalemba *c* monga ife. Mupezamonso mawu obwerekedwa ku Cingelezi pamalo pamene ife tinabwereka ku Cipwitikizi. Kwa ana a makalasi oyamba, kopererani ndimeyo m'kalembedwe kathu kuti asasokonezeke. Kwa okulirapo, asonyezeni kusiyanako, adziwe kuti cinenero cawo cimalembedwa m'maiko angapo.

Kauzidwe ka mnzathu za buku

Kungonena kuti buku lakuti n'labwino sikumukoka munthu. Pouza mnzathu za buku tichule zinthu zitatu: cimene cinatigwira mtima ife eni, munthu amene lingamuyenere, ndi ndime imodzi imene ingagwire nchito m'kalasi. Tisaulule mathero a nkhani, ndiponso tisayamikire buku limene sitinaliwerenge, pakuti mnzathu akakhumudwa kamodzi sadzatikhulupiriranso. Ngati lili ndi malo otopetsa, tinene poyera kuti apirire mpaka pati.

Mabukuwa ndi osowa, ndipo palibe mmodzi wa ife ali nawo onse. Wina ali ndi limodzi limene analandira kwa bambo ake, wina anagula lake paulendo wa ku Dedza kapena ku Chipata, lina lili m'kabati ya ku mishoni. Misonkhano ya ZIP ndiyo malo abwino obwerekana. Pakhale kope limodzi lolembamo dzina la buku, mwini wake, wobwereka ndi tsiku lobweza, pakuti buku likatayika kamodzi eni ake amaleka kubwereketsa.

Nchito

1. Lembani maina a mabuku onse a Cinyanja opezeka pa sukulu panu, m'nyumba za aphunzitsi ndi m'mudzi woyandikana nanu.
2. Sankhani limodzi, muliwerenge lonse, ndipo mulembe ndime imodzi m'Cinyanja youza mnzanu cifukwa coliwerengera, motsata zinthu zitatu zija.
3. Sankhani ndime yaifupi ya m'bukulo, muikopere m'kalembedwe kathu, muwerengere ana, ndipo mudzafotokoze pa msonkhano wotsatira mafunso amene anawo anafunsa.