Kodi Nyumba Ilipo pa Lobi?

Mphunzitsi watsopano akafika pa Lobi m'mwezi wa June, kalata ya Boma ili m'thumba, chisanu cha kumapiri a Dedza chikuloŵa mpaka m'mafupa, kaŵirikaŵiri sayamba wafunsa za kalasi limene adzaphunzitse. Amapereka moni kwa mphunzitsi wamkulu, nakhala pansi, kenaka nafunsa motsitsa mawu kuti: "Kodi nyumba ilipo?" Yankho la funso limeneli ndilo limaneneratu ngati munthuyo adzakhalitse pamalopo kapena adzayambe kulemba makalata opempha kusamuka chaka chisanathe.

Nkhani yomangira anthu nyumba m'dziko muno idayambira m'tauni. Bungwe la Malaŵi Housing Corporation lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo nyumba zake za lendi zidamera m'malo monga Chitawira, Nkolokosa ndi Kanjedza mu Blantyre, ndiponso ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Kwa anthu opeza zochepa, bungweli linkadula mapuloti kuti mwini adzimangire yekha monga angathere. Kumudzi kudalibe zotere. Kumeneko nyumba idali nkhani ya banja: mwamuna kudula mitengo ndi kudinda chipupa, mkazi kumweta udzu ndi kuzira pansi, achibale kubwera tsiku lokweza denga. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga sudali mwambi chabe, popeza denga ankalisenzadi.

Njira imeneyi idali yokwanira kwa mwini mudzi, koma siidathandize mlendo wotumidwa ndi Boma. Mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaulimi alibe mbumba pamalo pamene watumidwa, alibe munda woti amwetemo udzu, ndipo sadziŵa tsiku limene adzamuchotsepo. Munthu wotere sangamange.

Boma lidaona vutoli. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mothandizidwa ndi dziko la West Germany, lidasankha malo angapo akutali ndi mizinda kuti akhale malikulu a chitukuko cha kumidzi. Lobi, m'dera la Mfumu Kachere, adali amodzi mwa malowo, pamodzi ndi Mkhota ku Kasungu, Mbalachanda ku Mzimba, Tsangano ku Ntcheu ndi Thekerani ku Thyolo. Ganizo lake lidali lakuti sukulu, chipatala, msika, madzi ndi miseu zibwere pamodzi, ndipo nyumba za ogwira ntchito zibwere nazo limodzi, kuti mlimi wa mbatata ya kachewere apeze zosoŵa zake pafupi, ndi kuti mnyamata wotsiriza sukulu asaone ngati moyo uli ku Lilongwe kokha. Anthu ambiri pokumbukira ntchitoyi amatchula msika ndi chipatala. Nyumba zija saziŵerengera, chonsecho chipatala chopanda pogona namwino chimatsekedwa dzuŵa likamaloŵa, ndipo mayi amene matenda amuyamba usiku amapeza loko pachitseko.

Koma anthu amachuluka, nyumba siziswana. M'chaka cha 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana a sukulu m'dziko muno adakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo Boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi mwachangu. Makalasi adamangidwa, ngakhale osakwanira; nyumba za aphunzitsi zidatsalira kutali. Chotsatira chake nchodziŵika kwa aliyense amene adaphunzitsapo kumudzi. Nyumba zochepa za pasukulu zimapita kwa wamkulu ndi wachiŵiri wake, otsalawo nkumachita lendi kachipinda kuseri kwa sitolo pamsika, napalasa njinga m'maŵa uliwonse. Mvula ikagwa usiku, mtsinje nkudzaza, ana a Sitandade 8 amakhala tsiku lonse akudikira. Aphunzitsi aakazi ndiwo amavutika koposa, ndipo sukulu ikasoŵa mphunzitsi wamkazi, atsikana amasoŵa woti amuyang'anire ndi kunena kuti nafenso tidzafika apo.

Ngakhale nyumba zimene zilipo zili ndi funso lake: mwini wake ndani? Wokhalamo amati nza Boma, komiti ya sukulu imati ilibe ndalama, ndipo lata limodzi lodontha limaoletsa phaso lonse anthu akulozerana zala.

Eni mudzi nawo Boma lidawakumbukira m'chaka cha 2014, pamene lidayambitsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Mabanja 80 m'dera la phungu aliyense ankayenera kulandira zipangizo pachaka, theka la mtengo wake likhale thandizo, theka linalo ngongole yobweza pang'onopang'ono. Nyumba zina zidafoleredwadi, ndipo amene adagonapo m'nyumba yodontha sanganyoze zimenezo. Koma mabanja 80 ndi dontho m'dera la anthu zikwi makumimakumi, kubweza ngongole kudayenda mwaulesi, ndipo madandaulo pa kasankhidwe ka olandira sadathe.

Pali chinthu chinanso chimene olemba ndondomeko ku likulu saganizira kwenikweni, koma nchachikulu m'midzi ya Acheŵa yozungulira Lobi. Kumene kuli chikamwini, mwamuna amamanga pamalo a kwa mkazi wake. Banja likatha, kapena mkazi akamwalira, mkamwini amanyamula kathumba kake kubwerera kwawo, nyumba nkutsala. Nyumba ya mdindo munthu amaisiya osatembenuka. Ya njerwa ndi malata, imene yadya ndalama za mbatata za zaka zisanu, ndi nkhani ina. Nchifukwa chake amuna ena amazengereza kumanga yabwino, ena amayamba apempha chitengwa, ndipo ena amakagula puloti pamsika, pamene palibe mwini mbumba. Lamulo la malo a mafumu la 2016 lidatsegula njira yakuti banja lilembetse malo ake, koma pepala lokha silithetsa zimene amalume ndi mkamwini sadagwirizane pabwalo.

Tsono pali mitengo. Makolo akafuna kusunga mphunzitsi wabwino amaumba njerwa, ndipo uvuni uliwonse umadya nkhuni zimene zidatenga zaka zambiri kukula, m'dera limene nkhalango za Dzalanyama ndi Chongoni zapepuka kale. M'chaka cha 2018 Boma lidaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zake ndi zamalonda zikuluzikulu, nkulimbikitsa zidina za simenti ndi za dothi losakaniza simenti pang'ono, zopanikizidwa ndi makina a manja. Mudzi umene kale unkapereka njerwa ngati gawo lake tsopano ukufunika mchenga, miyala, madzi ndiponso mmisiri wodziŵa kusakaniza dothi ndi simenti pa muyeso wake. Amisiri otere ngochepa m'midzi, pamene anyamata ndi atsikana amene adalemba mayeso a Fomu 4 ali phwamwamwa pamsika wa Lobi, akukweza matumba a mbatata m'malole opita ku Lilongwe ndi Blantyre.