Zinthu 6 zodabwitsa za kutentha thupi

Ku Dowa ndi ku Ntchisi kuno, mwana akangotentha thupi timati malungo amugwira. Nanga motowo amausonkha ndani?

1. Amausonkha ndi thupi lenilenilo. Tizirombo ta malungo tikaphulitsa maselo ofiira a magazi, maselo oteteza thupi amatulutsa timapuloteni totchedwa cytokine, monga TNF, IL-1 ndi IL-6. Timeneti tili ngati mfuu ya m'mudzi yodzutsa aliyense. Uthengawo ukafika ku ubongo, pamalo otchedwa hypothalamus, kumapangidwa prostaglandin, ndipo ubongo umalamula kuti thupi lichoke pa madigiri 37 likwere mpaka 39 kapena 40.

2. N'chifukwa chake mwana wa ku Malomo amanjenjemera dzuwa likuswa mtengo, mano gwegwegwe, akulirira bulangeti pamene amayi ake akamukhudza pachipumi akupsa. Ubongo wakweza muyezo, thupi likudziona lozizira. Thukuta limabwera muyezowo ukatsika.

3. Panado amaletsa prostaglandin uja, basi. Kachirombo sakakhudza n'komwe. Izi zimandidetsa nkhawa, chifukwa mwana akazizira thupi n'kuyamba kusewera, makolo ambiri amaimika ulendo wa kuchipatala, pamene tizirombo tikuswana mwakachetechete. Wopha tizirombo ndi LA, amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, ndipo amafuna kuti ayambe amubaya kachala mwanayo pomuyeza malungo. Paja chibayo nachonso chimachititsa thupi kutulutsa ma cytokine omwewa.

4. Mfuu ikanyanya imawononga. Mu 1989 kunatuluka kafukufuku wa ana odwala malungo aakulu pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, momwe munali ofufuza Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux. Ana amene anamwalira anali ndi TNF wochuluka m'magazi kuposa amene anachira.

5. Ntchisi linali limodzi mwa maboma 11 amene anayamba kulandira katemera wa malungo mu 2019. Mwana akatentha thupi pang'ono atabayidwa, ndi ma cytokine omwewo akuphunzitsa chitetezo chake.

6. Kale madokotala ankapatsira anthu malungo mwadala! Julius Wagner-Jauregg wa ku Vienna ankabaya magazi a malungo odwala chindoko chofika ku ubongo, kuti kutentha thupi kuphe tizirombo ta chindokocho, kenako n'kuwapatsa kwinini. Ena anachira, ena anafa nawo malungowo. Wagner-Jauregg analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1927.