Nzeru za Wopanikizidwa Pansi

Pa mabwalo a sukulu za ku Namiwawa, Ndirande ndi Limbe, anyamata alimbana pa nthawi yopuma monga abusa a ng'ombe analikulimbana kudambo. Wina akagwetsa mnzake amkhalira pamimba, ndipo wapansiyo aphiriphitha kufikira mphamvu zitamthera. Mphunzitsi ayenera kudziwa kuti chimene chimpulumutsa wapansi si mphamvu ai, koma nzeru.

Nzeru zimenezi zinakula m'masewera a judo, amene Jigoro Kano anayambitsa ku Tokyo mu 1882. M'masewerawo munthu akapanikiza mnzake chagada kwa masekondi 20 wapambana. Ku Malawinso alipo, pakuti Harriet Bonface anaimira dziko lino ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021. Banja la Gracie ku Brazil linakuza luso lomenyana pansi, ndipo mu 1993, pa mpikisano woyamba wa UFC ku Denver, Royce Gracie anamkhalira Art Jimmerson, katswiri wa nkhonya. Iyeyu, posadziwa potulukira, anagonja.

Wopanikizidwa alakwa kawirikawiri pa zinthu ziwiri. Akakankha chifuwa cha mnzake ndi mikono yotambasula, apereka mkono kuti aupinde pachigongono. Akatembenuka chafufumimba, apereka khosi. Tsono choyamba ndi kusunga zigongono pafupi ndi nthiti, manja ali kutchinga nkhope, ndi kupuma bwino. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamenepo agwire mkono umodzi wa wapamwambayo naukanikizire pachifuwa pake, ndipo akole phazi la mbali yomweyo ndi phazi lake. Zitendene zili pafupi ndi matako, anyamule chiuno mwamphamvu nagubuduzikire ku mbali imeneyo. Chifukwa chake n'choonekeratu: nkhokwe ikachotsedwa mizati ya mbali imodzi, igwera komweko. Wapamwamba alibenso dzanja kapena mwendo wodzichirikiza nawo, kotero agwa ngakhale ali wolemera. Mphamvu yake ichokera m'chiuno ndi m'ntchafu, osati m'mikono.

Njira iyi ikakanika, wapansi agone chammbali, akankhe bondo la mnzake ndi chigongono, nabweze chiuno m'mbuyo kufikira bondo lake litapeza mpata wotulukira.

Koma phunziro loposa onsewa ndi lakugonja. Akatswiri akathedwa agogoda ndi dzanja pansi kapena pathupi pa mnzawo, ndipo winayo aleka pomwepo. Palibe manyazi m'menemo. Mwana wolemera akakhalitsa pachifuwa cha wamng'ono amtsekereza mpweya, ndipo wosowa mpweya sangathe kufuula. Chifukwa chake mphunzitsi aphunzitse chizindikiro chimenechi asanaphunzitse china chilichonse, aletse kugwirana pakhosi, ndiponso asankhe bwalo la udzu lopanda miyala. Asayembekeze kumva kulira. Ayang'ane dzanja la wapansi.