Mudzi wosunga mbiri m'matabwa ndi m'nyimbo

Nditafika ku Zhaoxing, mudzi wa anthu a mtundu wa Dong m'chigawo cha Guizhou ku China, ndinayamba n'kufunafuna msomali. Ndinali nditamva kuti nsanja zawo zitalizitali amazimanga popanda msomali ngakhale umodzi, koma sindinkakhulupirira. Ndinayang'ana mpaka khosi kuwawa, osaupeza. Amisiri amaboola mizati n'kulowetsamo mitanda yosema bwino mpaka zonse kugwirana kuti gwa! Pulani ya papepala sakhala nayo, miyeso amailemba patimitengo ta nsungwi.

M'mudzimu muli nsanja zisanu zotere, gulu lililonse la mabanja ndi yake. Kale pamwamba ankaikapo ng'oma yoitanira anthu kubwalo kapena kukagwa zoopsa. Pansi pali posonkhera moto, pomwe agogo amawotha akucheza. Milatho yawonso ndi yofolera, moti mvula ikayamba anthu amangousa pomwepo.

Madzulo ndinamva amayi ndi atsikana akuimba, mawu osiyanasiyana akulukanalukana, popanda choimbira kapena wotsogolera. Mu 2009 bungwe la UNESCO linaika kaimbidwe kameneka pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Chinenero chawo chinalibe zilembo zovomerezeka mpaka 1958, choncho mbiri ndi malangizo ankazisunga m'nyimbozo.

Nkhawa ili apa: achinyamata ambiri akupita kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Guangdong. Nsanja ikapsa, mmisiri amamanganso ina. Nanga mmisiriyo akamwalira asanaphunzitse mwana? Ine nyimbo ija ndinaijambula pafoni, koma kuti ndiimbe, ngakhale mzere umodzi sindingathe.