Nsengwa imakumba ngati khansa

Mlamu wanga wa kuno ku Mtsiliza atayamba kutupa miyendo ndi nkhope, mimba ili ndi miyezi 7, agogo anangoti, "Amenewo ndi mapasa." Patapita masiku, mutu unayamba kumuwawa, m'maso mukuchita chidima. Ku chipatala cha Bwaila anapeza kuti BP yadutsa 140/90, mumkodzo mulinso puloteni. Anamwino anati matendawa ndi preeclampsia, ndipo gwero lake ndi nsengwa.

Ine nsengwa ndinkangoidziwa ngati chinthu chimene amayi akuluakulu amakakwirira mwana akabadwa, basi. Chonsecho mimba ikangoima, maselo ake otchedwa trophoblast amaboola khoma la chiberekero ngati mizu ya kachere pa chipupa, n'kukatanula timitsempha ta mayi kuti magazi azifika ambiri kwa mwana. Chitetezo cha m'thupi amachinyengerera kuti chisawathire nkhondo. Khansa nayo imatero: kuboola, kudzikokera magazi, kuzemba chitetezo. Wasayansi John Beard wa ku Edinburgh anaona kufananaku mu 1902.

Koma nsengwa imadziwa polekezera. Ikakumba mosafika, timitsempha timatsala topanikizika, nsengwa imaperewera mpweya n'kutulutsa zinthu zowononga mitsempha ya mayi thupi lonse. N'zimene zinagwera mlamu wanga. Ikakumba mopitirira, makamaka pa chipsera cha opareshoni ya mimba yam'mbuyo, imakanirira mwana atabadwa, magazi amataika ambiri, mwina mpaka madokotala kuchotsa chiberekero.

Ilipo mimba ina yomwe m'malo mwa mwana mumamera timatuza tonga mphesa. Nthawi zina maselo otsalira amasanduka khansa yeniyeni, choriocarcinoma, yothamangira kumapapo. Chondidabwitsa ine n'chakuti khansa yolusayi imamva mankhwala kuposa zambiri. Mu 1956 ku America, dokotala Min Chiu Li anachiza mayi wina ndi mankhwala a methotrexate, akulondola hCG, homoni yomwe ija imaonetsa mizere iwiri pa kachipangizo koyezera mimba.

Mlamu wanga anamubaya magnesium sulphate kuti asayambe kukomoka, kenako anamuchititsa kuti achire masiku asanakwane, pakuti matendawa amatha nsengwa ikatuluka. Kamtsikana kanabadwa kochepetsetsa, kanakulira pachifuwa pa mayi ake, atakamanga ndi chitenje. BP inatsika patapita milungu ingapo. Agogo atabwera kudzaona mwana anasuzumira m'nsalu kawiri, n'kufunsa kuti winayo ali kuti.