Alendo amathamangira ku Mua, Fonte Boa ili pompano

TSANGANO: Msewu waukulu wa m'Malawi wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, ukafika pakati pa Dedza ndi Ntcheu, umatsata malire enieni. Malo ena munthu akangodumpha phula ndiye kuti waponda m'Moçambique. Galimoto za alendo odzaona malo zimadutsa pomwepo. Amaima, n'kugula kachewere, kabichi ndi mapichesi, basi ulendo. Ambiri sadziwa kuti zina mwa zimene agulazo zalimidwa m'minda ya boma la Tsangano.

Kumene amathamangira ndi ku mishoni ya Mua, m'boma la Dedza, kumunsi kwa mapiri. Ansembe a White Fathers anaitsegula mu 1902, patangotha chaka chimodzi ansembe a Montfort atakhazikika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, pafupi ndi malire omwewa. Koma chokoka alendo si tchalitchi chokha. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada, anayambitsa malo a Kungoni kuti amisiri a m'midzi azisema ziboliboli ndi kupezapo ndalama. Pambuyo pake panamangidwa nyumba ya Chamare, yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. M'menemo muli nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400. Akuluakulu ena akudambwe sakondwa kuona za gule zili poyera, ndipo mawu awo si opeputsa. Komabe mlendo amatuluka atamva tanthauzo, atagula chosema, atadya, atalipira pogona. Ndalama imatsala kwa anthu a pamenepo.

Amene anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza pa nthawi ya nkhondo, mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 usanabwere, mishoni zimenezi amazidziwa bwino. Ena ana awo anabatizidwira komweko.

Nanga tsidya lino kulibe choona? Chilipo. M'boma la Tsangano muli mishoni ya Fonte Boa, imene ansembe a Chijezuiti anatsegula mu 1945. Ku Angónia kuli Lifidzi, yakale kuposa pamenepo, ndipo pafupi pake pali Chapotera, pamene ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa pa 30 Okutobala 1985. Akhristu amapita kukapemphera pamalopo.

Ku Macanga mbiri yake ndi ina. Dzikolo linalamulidwa ndi mafumu a banja la Pereira kufikira 1902, pamene Apwitikizi anagonjetsa Chinsinga. Ndi chaka chomwecho chimene Mua inayamba. A ku Mua chaka chimenechi anachilemba ndipo amachifotokozera aliyense wobwera. Ku Furancungo, mwana wofuna kumva za Chinsinga ayenera kufunafuna gogo amene akukumbukira zimene anamuuza makolo ake.

Gulenso si wa dziko limodzi. Pamene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, linatchula maiko atatu: Malawi, Zambia ndi Moçambique. Ng'oma za ku Macanga ndi zomwezo za ku Dedza. Oluka mphasa, madengu ndi malichero, oumba mbiya ndi osema mitondo ali m'midzi yambiri. Koma lichero likangowoloka malire n'kufika pamsika wa m'mbali mwa phula, wogula amati ndi la ku Malawi, monga amachitira ndi kachewere uja.

Mu 2023 boma la Moçambique linachotsa viza kwa alendo odzaona malo ochokera m'maiko 29. Chipata chinatseguka. Chotsalira ndi chimene viza singakonze: misewu yafumbi imene imavuta dzinja likafika, pogona pa mlendo, ndi munthu wodziwa mbiri woti amulandire pakhomo la tchalitchi n'kumuyendetsa.

Izi ndi nkhani zoti mafumu, akuluakulu a mpingo ndi a Administrador akhalirane pansi. Zina sizifuna ndalama zambiri. Mbiri ya Fonte Boa ndi ya Chinsinga ingalembedwe m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi akuluakulu oidziwa akadali moyo, ndipo amisiri angapemphe malo amodzi ogulitsira pafupi ndi mishoni, pamene chikwangwani chikunena mudzi umene chinthu chilichonse chachokera.