Nthabwala m'sewero la Romeo ndi Juliet zidautsa mkangano ku London

Anthu amene adapita kukaonera sewero la Romeo and Juliet pabwalo la zisudzo la Shakespeare's Globe mumzinda wa London m'chaka cha 2017 adakumana ndi zomwe sankayembekezera. Ochita sewerolo adadzola zoyera kumaso ngati akatswiri a nthabwala, bambo ake a Juliet adatulukira paphwando atavala ngati chilombo cha dinosaur, ndipo alendo ankavina nyimbo ya YMCA ya gulu la Village People. Gawo la Mercutio, mnzake wa Romeo, adasewera ndi mayi, Golda Rosheuvel.

Yemwe adakonza sewerolo motere ndi Daniel Kramer. Olemba nkhani za zisudzo ambiri adalidzudzula ponena kuti phokoso ndi nthabwala zidakwirira chikondi cha achinyamata awiriwo. Komatu nkhani ili apa njakuti nthabwala si zachilendo m'seweroli, ndipo bwalo lopanda denga limazifuna.

William Shakespeare adalemba seweroli cha m'ma 1595. Ophunzira ambiri a m'sukulu za sekondale m'Malawi adalidziwa ngati nkhani yachisoni ya ana a mabanja awiri odana a mumzinda wa Verona, a Montague ndi a Capulet. Koma theka loyamba la nkhaniyi lidalukidwa ngati sewero loseketsa. Limatsegulidwa ndi antchito awiri akuponyerana nthabwala zolaula. Mlezi wa Juliet ndi mayi wolongolola amene sadziwa posiyira nkhani, pomwe Mercutio amangokhalira kuseleula mnzake chifukwa chogwa m'chikondi. Zinthu zimatembenuka kumayambiriro kwa gawo lachitatu mwa magawo asanu, pamene Tybalt abaya Mercutio, Romeo n'kubwezera ndi kupirikitsidwa mumzindawo.

Mamangidwe a bwalo nawo ali ndi mbali yake. Globe yoyamba idamangidwa mu 1599 ndipo idapsa mu 1613. Yomwe ilipo lero idatsegulidwa mu 1997 m'mbali mwa mtsinje wa Thames, chifukwa cha khama la katswiri wa zisudzo wa ku America, Sam Wanamaker, yemwe adamwalira mu 1993 asanaione itatha. Ndi yozungulira, yamitengo, yofoleredwa ndi udzu m'mbali mokha, pakati pali pamtetete. Anthu pafupifupi 700 amaonera ali chiimire, kudzuwa kapena pamvula, ndege zikudutsa m'mwamba.

M'nyumba ya zisudzo yotseka, magetsi akazima oonerera amakhala chete mumdima. Pabwalo lotere zimenezo palibe. Wochita sewero amaona nkhope za anthu, ndipo amadziwa msanga miyendo ikayamba kuwatopa. Chida chake chachikulu n'kuwalankhula mwachindunji ndi kuwaseketsa, monga momwe ankachitira anzake zaka 400 zapitazo pofuna kugwira mitima ya anthu wamba olipira kakobidi kamodzi.

Mkangano weniweni udagona pa malire a ufulu wosintha zinthu, ndipo udadyetsa munthu ntchito. Emma Rice adayamba kutsogolera zisudzo pabwaloli mu 2016 ndi sewero lina lachikondi, A Midsummer Night's Dream, momwe adasandutsa mtsikana Helena kukhala mnyamata Helenus, naikamo magetsi amitundumitundu ndi zokuzira mawu. Matikiti adagulidwa kwambiri. Ngakhale zidali choncho, mu Okutobala chaka chomwecho komiti yoyendetsa bwaloli idalengeza kuti mayiyu adzachoka mu 2018. Mfundo ya komitiyo idali yakuti bwaloli lidamangidwa kuti anthu aone momwe masewero ankachitikira kale, ochita ndi oonerera ali m'kuwala kumodzi. Sewero la Kramer lidaonetsedwa m'chilimwe chomaliza cha utsogoleri wa Rice, chigamulocho chitaperekedwa kale.

Omuikira kumbuyo Rice ankati zisudzo zikasungidwa ngati katundu wakale achinyamata amazithawa, ndipo Shakespeare mwiniwake ankalembera anthu a nthawi yake, osati akatswiri a m'mayunivesite. Otsutsa ankati nyumba zokhala ndi magetsi ndi zokuzira mawu n'zambirimbiri mu London, koma Globe ndi imodzi yokha.

Mbali zonse ziwiri sizikana kuti Romeo and Juliet ayenera kuseketsa. Chovuta n'kudziwa nthawi yoleka. Oonerera akaseka ndi Mercutio kwa ola lathunthu, imfa yake imawalasa mtima ngati ya m'bale, ndipo kuchoka apo amaopera moyo wa Juliet, mtsikana wosakwanitsa zaka 14. Koma nthabwala zikapitirira mpaka kumanda, anthu amatuluka atasangalala osamva kuti chidani cha makolo chapha ana. Apa mpomwe ambiri adapezera vuto ntchito ya Kramer.

Michelle Terry adalowa m'malo mwa Rice mu 2018. Pansi pa utsogoleri wake, zovala zamakono, nyimbo ndi amayi osewera magawo a abambo zidapitirirabe pabwaloli, ndipo anthu oimirira pabwalo akadasekabe mlezi wa Juliet akayamba kulongolola.